Diski Ikayamba Kutsimphina

Kachitatu mwezi uno ndakwera minibasi pa Nsungwi,
kompyuta pamiyendo ngati mwana wa malungo,
kondakitala akuti nayonso ilipire mpando.

Ku Malangalanga, kuseri kwa ogulitsa matayala,
Chikaiko ali ndi tebulo la mawaya okhaokha.
Sapereka moni. Amayamba watsamiritsa khutu pabokosi.
Mwamva? Tiki, tiki, tiki.
Diski yanu ikutsimphina, mayi.

Ine ndimati andilodzera a shopu yoyandikana nayo,
aja makasitomala awo anathawira kwa ine.
Waseka mpaka sikuludiraiva yagwa pansi.
Mfiti yake ndi chala chanuchi,
chimene chimathamangira pakhoma madzulo
makina asanamalize kulemba.
Munthu ali pakati pa mawu, inu mwam'gwira pakamwa,
mawa alephera bwanji kuchita chibwibwi?

Nanga magetsi? ndikudziteteza.
Amachoka osatsanzika, amabwera osaodira,
abwereranso ndi ukali wa mwini ngongole.
Ndiye gulani kabatire kosunga moto, akutero,
mphindi khumi zokha,
zokwanira kusunga ntchito ndi kutseka bwinobwino.
Mtengo wake ndaumva m'mano.
Koma ndawerenga za minibasi, za Chikaiko,
ndi masiku amene chitseko changa chakhala chokhoma.

Watsegula bokosi. Fumbi la Okutobala yense
lagona pa fani ngati bulangeti.
Muli ndi mphemvu yowuma, yafera pantchito.

Ndipo mafulashi a eni ake, mayi,
musamangowalandira ngati alendo a pamaliro.
Adutsa m'makompyuta a tauni yonse,
muziyamba mwawapima.

Sindinamuuze za Tiyanjane,
mtsikana wa ku koleji uja,
masamba makumi asanu ndi atatu amene ndinam'tayipira
usiku, udzudzu ukundidya akakolo.
Lolemba sikirini inangoti bii, kenako mawu oyera achingerezi.
Sanalire. Anangofunsa kuti, ndiye palibiretu?
Ndinam'bwezera ndalama. Miyezi yake sindikanatha.

Chikaiko waika diski ina, yopanda phokoso.
Yakaleyo wandipatsa m'kajumbo:
mukakhomerera Windozi pa diski yowola
muli ngati wopaka laimu khoma lodyedwa ndi chiswe.
Loweruka lililonse muziipima thanzi,
ndipo chimene simufuna kulira nacho
chizigona pawiri, china kunyumba.

Tsopano ikakwana faifi
ndimatseka mafayilo limodzilimodzi,
makalata ofunsira ntchito, makhadi a ukwati,
pulogalamu ya maliro a bambo wina wa ku Mtandire.
Ndikopera zonse m'kadiski ka m'chikwama.
Ndiiuza kuti igone, ndipinda manja.
Panja a kabaza akuimba mabelu,
mnzanga wa salauni akuti tiyeni kwada.
Ndimati tsogolani.
Ndikudikira kanyali kobiriwira aka
kazime kokha.