Filimu ya m'chikhothi cha bambo

M'thumba la chikhothi cha bambo
ndinapezamo tikiti ya chikepe cha ku Artillería,
switi imodzi yosanduka mwala,
ndi kachitini kakuda, kosupuka utoto m'mbali,
lilime la filimu litamezedwa m'kati.
Amayi anati, kataye.
Ine ndinakabisa m'kabati kuseri kwa mchere,
kanagona momwemo zaka zina zitatu.

Ku Valparaíso kuno njira zonse n'zokwera.
Kwa Don Evaristo Quilodrán
masitepe alipo makumi asanu ndi anayi kudza anayi;
ndinawerenga chifukwa bondo linkandiwerengetsa.
Mkuluyo anakhutchumula kachitini pakhutu
monga muchitira ndi bokosi la machesi.
"Zaka makumi atatu? Chinyezi cha nyanja chimadya, Ximena.
Kuwala nakonso kumakalamba.
Usandilipire lero."

Anandilola kulowa.
Getsi lofiira, anati, ndi la mapepala;
filimu imafuna mdima weniweni, wa bii.
Ndinangomva zala zake zikufufuza,
kenaka madzi, fungo la viniga m'mphuno,
iye akuwerenga chapansipansi,
akugogoda thanki patebulo kuti thovu lichoke.
Mphindi khumi ndi imodzi.
M'chipatala muja sindinadikire chonchi.

Anaiyanika pachingwe ndi chopanira zovala.
Dziko lonse lili chagada:
thambo lakuda, mithunzi yoyera mbee,
mano a anthu ngati makala.
Pa zithunzi makumi awiri ndi zinayi,
zisanu ndi zinayi chifunga chinadya.

Zotsalazo n'za bambo ndithu, zowongoka ngati mzere wa malipiro:
sitima yadzimbiri padoko,
makina onyamula katundu atakweza khosi,
mnzawo Nibaldo akuonetsa nsomba yomwe sanagwire yekha,
amayi akutchinga nkhope ndi mbale.
Bambo mulibemo. Wogwira kamera saoneka.

Koma pofika chakhumi ndi chisanu ndi chiwiri
nyumba yapendekeka.
Mwendo wa tebulo.
Mchira wa mphaka, theka.
Babu la kudenga, kawiri.
Zala za kuphazi m'nkhwaira, chimodzi chomangidwa nsanza.

Phazilo ndi langa.

Lamulungu lija! Iwo akumeta ndevu pabeseni,
ine wa zaka zisanu ndi chimodzi
ndinakwera pampando, n'kutsitsa kamera yoletsedwa,
n'kuyamba kutchola chilichonse chondiyang'ana.
Ndinaiwala. Zaka zonsezi ndinaiwala,
koma kachitini kanasunga mlandu wanga mumdima,
osauza munthu.

Chomaliza tinachiika papepala.
M'mbale ya mankhwala munali zii,
pepala loyera likugwedezeka lokha,
kenaka, pang'onopang'ono, ngati munthu wovuuka m'madzi:
lamba.
Malaya osowa batani lachitatu.
Thovu la sopo litadonthera pachifuwa.
Dzanja likubwera kwa ine, lotambasula,
chikhadabo chakuda chija chimene tcheni chinaphwanya.
Mutu mulibe. Ndinaudula pakhosi.

Kodi ankakalipa? Ankaseka?
Dzanja silinena.
Ndaliyang'ana mpaka maso kuwawa:
silinakunge chibakera, silinaloze chala,
langotseguka,
monga linkatsegukira powoloka msewu wa Errázuriz.

Don Evaristo anatsokomola.
"Pepa, nkhope palibe. Titsuke cha sitima m'malo mwake?"
Ndinati ayi, chisiyeni.
Msinkhu umenewu ndi umene ndinkawaonera.
Nkhope yawo inali kutali, kumwamba uko, ya akuluakulu;
anga anali lamba ndi dzanjali.

Ndinalipira. Anakana theka.
Ndinatsika masitepe aja osawerenga,
envulopu ili m'kati mwa malaya
kuopa mphepo ya kudoko,
pepala lisanaumitsitse,
likuzizira pamimba.