Lamulo Lithera pa Phula

Kalata idafika Lachiwiri m'thumba la kondakitala,
yopindidwa kanayi, ngodya imodzi itamwa mafuta a chipisi.
Chikuku chabuka. Ino ndi nyengo ya ngozi.
Mwana aliyense abayidwe, msika utsekedwe.
Wokana, ndime yachisanu ndi chiwiri ikumudziwa.
Pansi pake chidindo, ndi siginecha yonga mopalasa nkhuku.

Ndine Velina, mlangizi wa zaumoyo pa Lizulu,
zaka khumi ndi zinayi m'yunifolomu imene yayera m'mapewa.
Lamulo ndidalimata pachitseko ndi phala.
Koma kalatayo sidanene za gasi.
Firiji yathu idazima mwezi wa Meyi;
a Chinkwita, alonda athu, amasungamo nsapato kuopa makoswe.

Madzulo wailesi imatibweretsera Nyumba ya Malamulo.
Akuwerenga bajeti.
Mabiliyoni akudutsa ngati mathiraki a usiku,
sitiona woyendetsa, timangomva mphepo yake.
Wina akuti ndikuchirikiza, anzake akumenya matebulo.
Wina wadzuka, akuti mnzake wamutchula mbuzi,
abweze mawuwo.
Mphindi makumi anayi za mbuzi!
Ndidadikira liwu loti gasi
mpaka mabatire adatha.

Tsiku la msika apolisi adabwera atatu, mfuti imodzi.
Amayi a kabichi sadakangane nawo.
Adangosenza madengu, kuyang'ana uku ndi uku,
n'kuwoloka msewu.
Mapazi khumi ndi awiri basi, ali ku Mozambiki.
Lamulo lidaima m'mphepete mwa phula
ngati mwana woletsedwa kuwoloka yekha.
Kachewere yemweyo, mtengo womwewo, ogula omwewo,
ndipo chikuku, poti sichiwerenga zidindo,
chidawoloka nawo chili kumbuyo m'chitenje.

Nanzunga adandikodola ali tsidya.
Ndi wa mpingo uja wosalola jakisoni,
mwamuna wake ndiye amasunga ng'oma.
Adati, Alangizi, ndimve bwino, ndikakana mundimanga?
Ndidati pepala likutero.
Adakhala chete, akusenda tsamba lofota la kabichi.
Nanga ndikalola?
Adatsegula nsalu pang'ono: Gelesomu, miyezi khumi, akuyamwa chala.
Mubwere usiku bambo ake ali kumapemphero.
Musavale zanuzo.

Ndidasuntha bokosi paphewa. Lidali lopepuka.
Mudali thonje, makhadi,
ndi madzi amene kale adali ayisi.

Tsono wolakwa ndani apa?
Ndime yachisanu ndi chiwiri ikutchula kholo lokana,
chindapusa chake, miyezi yake.
Ndafunafuna ndime ya boma lobwera chimanjamanja.
Mwina ili patsamba limene lidatsalira m'minibasi,
mwina wina adakulungiramo mtedza.

Mawa ndikwera ya m'bandakucha kupita ku Ntcheu.
Yokwerera ndadula pa ya feteleza, bambo a kunyumba sakudziwa.
A Kadzakumanja a pabala andilonjeza
mabotolo anayi a madzi oundana;
firiji yawo siidikira kuti aphungu avomereze.
Ndikakamupeza katemera ndidzabwera naye pamiyendo,
kondakitala anene zonena zake,
bokosi ili silikwera pamwamba ndi matumba a anyezi.
Ndikakapeza mashelefu ali mbee
ndidzapitabe kwa Nanzunga usiku, nditavala chitenje,
ndikamuuze ndi pakamwa panga.
Asamvere kwa ena
kuti adalimba mtima pachabe.

Chifunga chatsika, tsidya lija silikuonekanso,
koma ndikumva mwana akutsokomola, sindikudziwa dziko lake.
Pachitseko lamulo layamba kumatuka m'munsi.
Mbuzi ya a Chinkwita yanunkhiza phala lija,
yaima ndi miyendo iwiri,
ikuyamba ndi chidindo.