Zitseko za pa Depoti

Ntchito yanga ndi kukhala pakati pa zitseko ziwiri
pa depoti ya Zomba, kuseri kwa okazinga tchipisi,
ndi mbale ya ndalama, ndowa ya madzi
ndi tishu amene ndimang'amba molingana ndi changu cha munthu.
Kumanzere a khonsolo analemba AMUNA, kumanja AKAZI,
koma mvula yotsika m'phiri yanyambita pentiyo zaka zinayi,
pa chitseko chilichonse patsala A yekha.

Mtisunge amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu
atasenza dengu la mapichesi.
Mawu ake ndi a besi, m'chiuno chitenje,
pachibwano tindevu towerengeka, ndolo khutu limodzi.
Amayamba waima patali kudikira kuti mzere uthe,
ngati munthu wofuna kuoloka Likangala atadzaza.

Tsiku lina mzere sunathe.
Atalowera kumanja, mayi wogulitsa tomato anakuwa.
Atatembenukira kumanzere, makondakitala anaimba likhweru,
wina nati, "Aonetse chiphaso!"
Anachisolola m'kachikwama ka m'khosi,
kapulasitiki ka chithunzi chotuwa
ndi chilembo chimodzi chokha
chimene mzamba anasankha ku Domasi usiku umene anabadwa,
nyali ikutha mafuta,
atayang'ana kawiri, nafunsa mnzake,
nangoti, "Lembani chomwecho."

Chiphasocho chinayenda m'manja asanu ndi awiri.
Aliyense anawerenga, nayang'ana nkhope, nawerenganso.
Koma mkodzo sudziwa kuwerenga.
Ndinauona ukutsika mwendo wake
mpaka m'patapata wobiriwira,
anthu naseka, minibasi ya ku Jali nidzaza, ninyamuka.
Ine makiyi anali m'thumba.
Ndinaweramira m'mbale yanga
kuwerenga ndalama zimene ndinali nditawerenga kale.

Usiku umenewo kwathu ku Chikanda
ndinapita kuchimbudzi chathu cha chitseko cha lata.
Ndi chimodzi, cha mabanja asanu.
Amalowamo alandilodi, mkazi wanga, apongozi akabwera,
ngakhale abusa tsiku la milaga.
Palibe analembapo kanthu.
Umangotsokomola uli panja,
wa m'katiyo nayankha.

M'mawa ndinavala jekete kupita ku ofesi.
Bambo Likaka anatsegula buku lalikulu,
chala chikuyenda mzere ndi mzere,
nati, "Apa pali za mitengo, apa za sopo, apa za nthawi yotsekera.
Za munthu wotereyo palibe.
Ndi mwamuna kapena mkazi?"
Ndinati, "Bwana, ndi iye."
Chichewa chathuchi sichinandikakamizepo kusankha:
iye wabwera, iye watopa, iye walipira,
mawu amodzi okwanira aliyense
ngati mthunzi wa mbawa.
Iwo anaseka pang'ono, nati ndilembe kalata.
Ndinalemba. Ili m'failo, pansi pa kapu ya tiyi.

Pali chitseko chachitatu chimene buku silidziwa,
kachimbudzi kathu antchito, kumene timaponyako matsache.
Lachinayi ndinatulutsa matsachewo, mopu wothothoka,
zigubu za mankhwala, njinga yopanda tayala ya mlonda.
Ndinakwecha pansi mpaka msana unandiuza zaka zanga.
Ndinagula kaloko kwa Ajibu ndi ndalama ya m'thumba mwanga.
Penti ndinali naye, koma sindinalembepo.

Lachisanu sanabwere.
Lachiwiri lotsatira, ziii.
Mapichesi anatha m'phiri, kunayamba kuzizira.

Anatulukira mu Juni atasenza mbatatesi,
naima patali paja.
Sindinapepese, pakamwa panauma.
Ndinangomulozera ndi mutu,
iye naponya ndalama m'mbale monga aliyense.

Posakhalitsa kondakitala uja wa likhweru
anabwera akuthamanga atagwira pamimba,
kumanzere kutadzaza,
nagogoda pa chitseko chopanda dzina.
M'katimo munatuluka mawu a besi aja,
osanjenjemera:
"Muli munthu."

Ndipo anadikira.