Kachongi ka Buluu

Pa Nkhotakota boma palibe wosandidziwa:
Mwanaisha wa mpunga, kuseri kwa depoti,
sikelo yanga siba ndi kambewu komwe.
Koma pa Fesibuku tilipo awiri.

Winayo anatenga nkhope yanga,
ndi duku langa lobiriwira lomwe,
nalandira ndalama za matumba asanu
kwa mayi wa ku Kawale
amene anandiimbira akulira, kunditcha mbava.

Jafali wokonza mafoni anati,
pemphani kachongi ka buluu, anti,
anthu adziwe weniweni.
Tinajambula chiphaso cha unzika pabenchi pake,
pakati pa mabatire otupa.
Foni inati yang'anani kumanzere, kumanja,
ndinazunguza khosi ngati nkhuku yoona kabawi.
Bandulo inatha tisanamalize. Ndinagula ina.

Yankho linabwera Lachinayi. Akana.
Pachiphaso kalaliki analemba Mwanayisha,
ka y komwe bambo anga sanandipatse.
Chilembo chimodzi basi,
ndasanduka mlendo pa dzina langa.

Ku pulayimale madamu Chimbalanga
ankachonga ndi cholembera chofiira,
ine kuthamanga nalo kope mpaka kunyumba.
Lero ndili ndi zidzukulu ziwiri,
ndikudikiranso kuchongedwa
ndi munthu amene sanamvepo
fungo la kilombero pamene akupunthidwa.

Ndatumizanso. Akuti ndidikire mwezi.
Foni imakhala m'thumba la epuloni,
ikangonjenjemera
ndimasiya kasitomala atatsegula jumbo,
ndipukuta manja, ndisuzumira.

Ndi a kampani,
akundikumbutsa ngongole ya mayunitsi.