Dothi Lowawasa

Bambo anga anakumba Joni cha pansi,
masiku a Theba, nyali pachipumi.
Ine ndikumukumba cha pamwamba,
kafosholo m'manja, timapepala tapulasitiki m'thumba,
kuseri kwa phiri lachikasu la ku Snake Park,
phiri losamera lokha, lochita kutayidwa ndi migodi.

Mayi Sebolelo a ku yunivesite amalemba manambala.
Ine ndimazula udzu ndi mizu yomwe,
kukutumula dothi, kumanga kukamwa kwa pepala.
Kabokosi kawo kamalira ngati nkhululu,
apa mwaulesi,
apo ngati chimanga chikuthetheka m'phale.

Ndinafunsa: kapinga ndi yemweyu,
bwanji wina ali ndi poizoni wambiri, wina pang'ono?
Anati, funsa dothi.
Likawawasa, yureniyamu amasungunuka,
n'kuyenda ndi madzi, muzu n'kumwa osafunsa.
Mchenga ndi dzanja lobooka, sugwira kanthu.
Makande ndi aumbombo,
amafumbata, muzu n'kubwerera wopanda kanthu.
Ndipo udzu ukasowa kashiamu
umatola rediyamu, kumuyesa m'bale wake.
Njala siyang'ana nkhope.

Apo ndinakhala duu.
Nanenso ndinafika muno ndi njala.

Dzuwa likapendeka ng'ombe za a Mahlaba zimatsika,
zisanu ndi ziwiri, ina yotsimphina,
kudzadya m'mbali mwa ngalande
ya madzi ofiira ngati dzimbiri.
Msipu suulula, ndi wobiriwira basi.
Mkaka nawo ndi woyera mbee.
Ndinawauza m'Chizulu changa chothyokathyoka.
Anayang'ana nsapato zanga,
nati, ndiye ndikazidyetse kuti, ku Sandton?

Loweruka tinabwera ndi matumba atatu a laimu,
tinawaza pa kadera kochepa ngati bwalo la nyumba,
tinakhoma zikhomo, n'kumanga chingwe.
Akuti tidikire mvula, tidzayezenso mu Malichi.
Matumba atatu.
Ndinakweza maso kuyang'ana phiri lija,
mphepo n'kundithira fumbi lake m'mano.

Bambo anabwerera ku Ntcheu
ndi wailesi, jekete ndi chifuwa.
Wailesi ikadalipo.

Usiku ndimasamba m'manja pa mpopi wa tonse,
kukolokosa zikhadabo ndi kamtengo ka machesi,
chikasu chija osatheratu.
Nachisale akaimba foni kufunsa za ntchito
ndimati ndi ya kumunda,
iye n'kuseka, ati mpaka Joni kukalima,
kenako mayunitsi n'kutha.