Kope Langa la Masamu

Ndinalikutira ndi pepala la thumba la simenti,
pamwamba pulasitiki ya shuga,
kuopa chifunga cha pa Lizulu
chimene chimanyowetsa ndi za m'chikwama zomwe.

Tsamba lililonse ndimayamba ndi mzere wa m'mbali.
Rula yanga inathyokera pa naini,
choncho ndimaujambula kawiri n'kulumikiza
ngati wosoka chigamba.
Deti kumanja. Mutu, kamzere kunsi kwake.
A Chidzalo amati manambala ndi mbuzi:
ukapanda kumangirira iliyonse pa chikhomo chake
madzulo ukazipeza m'munda mwa eni.

Ndiye ndimawandandalika,
makumi pansi pa makumi anzake.
Ndikalakwa sindifufuta ndi malovu
monga Tsilizani, wa kope la zibooziboo.
Ndimangodula kamzere kamodzi,
cholakwacho chikhale pomwepo
chizindiyang'ana.

Lachitatu ndinalitembenuza, ndipo taonani,
amayi aliyamba cha kumapeto, ndi pensulo yanga:
Nangozo, mitu itatu ya kabichi.
Wa minibasi, ndowa ya mbatatesi, sanapereke.
Zilembo zopendama ngati chimanga chogwa ndi mphepo,
zopanda deti, zopanda mzere.

Ndinatupa mtima mpaka pogona.
M'mawa, zala zili gwa ndi chisanu,
ndinatenga rula yothyoka ija
n'kuwadulira mizere itatu:
dzina, katundu, ndalama.

Tsopano ine ndikuchokera kutsogolo, kusakasaka x,
iwo akuchokera kumbuyo, kusakasaka wa minibasi uja.
Kwatsala masamba khumi ndi limodzi
kuti tikumane.