Mtedza Wotsala M'lichero

Ndinapita chifukwa ndinamva kuti kukakhala fanta.
Ndisaname.
Lachiwiri lija, m'chigafa cha a Kambalame,
fodya atapita kale ku okushoni,
tinakhala pa njerwa anthu makumi awiri,
mphepo ya Juni ikutiluma m'mawondo.

Fanta kunalibe.
Kunali Felesiya, mlangizi wa njinga yolira tcheni,
msinkhu wa mwana wanga woyamba,
atanyamula malichero awiri
ndi thumba la mtedza wogula dzulo lake pa Kamwendo.
Thumbalo ndinalizindikira.
Chigamba cha pakona ndinasoka ndine.

Anati, sankhani.
Manja athu ntchito iyi anabadwa nayo:
wonenepa, wofiira bwino, uku,
wokwinyika, wosweka, wamadontho, wofumbwa, uko.
Tinkasankha osayang'ana n'komwe,
pakamwa pali mtengo wa feteleza.

Anakweza lichero loyamba. Uwu upita kuti?
Kwa mavenda, tinayankha, ku Lilongwe, ku Chipata.
Anakweza lachiwiri. Nanga uwu?
A Nangozo anaseka. Umenewo ndiye wathu,
timasinja, timatendera nkhwani,
timathira m'phala la ana.

Mtsikanayo sanaseke.
Anang'amba njere imodzi ndi chikhadabo,
mkati muli kaufa kobiriwira.
Chuku, anatero.
Chimene chuku amasiya m'njere
sichipsa ndi moto, sichithawa pokazinga.
Chimakagona m'chiwindi osapereka moni,
ndipo mwana wochidya m'mawa uliwonse
amakula ngati chimanga cha pansi pa mango.

Kenako anafunsa,
ndani amawaza madzi pa mtedza asanaswe?
Chigafa chonse chinati zii.
Nkhuku inadutsa pakati pathu, tonse tinaiyang'ana
ngati sitinaonepo nkhuku.

Ine ndimawaza.
Makapu awiri pa ndowa, madzulo,
makoko afewe, zala zisatuluke matuza,
ndiponso sikelo ya venda, ija imatibera,
nane ndiibereko pang'ono.
Zaka zonsezi ndinkayesa ndikukhaulitsa venda.

Anatitengera kumunda wa kuseri
kumene a Kambalame anachedwa kukumba.
Tinaunjika mtedza mozungulira,
masamba kunja, njere mkati,
pakati posiya njira ya mphepo,
pamwamba kachipewa ka udzu.
Wina anati zikuchedwetsa. Felesiya anavomera, zimachedwetsadi.
Thumba likauma, anatero, ligone pa mitengo,
lisakhudze dothi, lisatsamire khoma.
Ndinalemba pa chikono ndi bolopeni yobwereka.

Kwathu kuli Mwatitha, zaka zinayi.
Mzere wa pa khadi lake la kusikelo
unasiya kukwera kalekale, ukungoyenda chogona
ngati msewu wa ku Mkanda.
Sindikunena kuti ndi mtedza. Sindine dokotala.
Pali malungo, pali njala ya Febuluwale,
pali zambiri.
Koma pofika ndinapeza Esinta atatsuka mtondo,
lichero la wokwinyika lili pambali pake.

Ndinalinyamula.
Tipatse nkhuku, anatero.
Ayi, ati nkhuku nazo zisadye.
Ndinakumba kadzenje kuseri kwa bafa,
ndinakhuthula, ndinakwirira, ndinapondaponda.
Kenako ndinamasula thumba la kumsika,
Chalimbana weniweni, wouma gwa,
n'kutapa mbale yodzaza.

Mwapenga? Umenewo ndi wa ndalama.
Sindinamuyankhe. Ndinagwira munsi ndekha,
ana a kwa aneba akusuzumira pa mpanda
kuona bambo akusinja.

Masiku ano ndimaswa wouma.
Zala ziwiri zang'ambika, chachikulu chatupa,
ndipo venda akuti thumba langa lapepuka.
Loweruka Felesiya abweranso,
ati tidzaphunzira kufutsa masamba osataya mtundu.
Esinta wanena kuti apita yekha,
ine nditsale ndi mwana.
Ndamuuza kale kuti fanta kulibe.